Mawu akuti populism: timawamva kawirikawiri, koma amatanthauzanji?

Nyengo ya chisankho ikafika, mawu akuti populism amasanduka mwala wogendera mdani. Wandale akalonjeza kutsitsa misonkho, ena amati ndi populism. Akadzaza bwalo pamsonkhano, ati ndi populism yomweyo. Kumeneku nkusokoneza zinthu, pakuti kukondedwa ndi anthu pakokha si populism ayi.

Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti populus, kutanthauza anthu. Ku America, alimi amene anatopa ndi ngongole za mabanki komanso mitengo yoboola m'thumba ya makampani a njanji anayambitsa chipani cha People's Party, chimene otsatira ake ankatchedwa Populists, ndipo mu 1892 munthu wawo, James Weaver, anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni pa chisankho cha pulezidenti. Kalelo dzinali silinali chitonzo.

Tanthauzo limene akatswiri ambiri amatsata lero analongosola Cas Mudde, katswiri wa maphunziro a ndale wa ku Netherlands, mu 2004. Populism imagawa dziko pawiri: kuno anthu wamba olungama, uko kagulu ka akuluakulu odyera masuku pamutu anzawo. Ilibe mfundo zakezake za chuma, imangokwera pamsana pa mfundo zina. Nchifukwa chake Hugo Chávez, pulezidenti wakale wa Venezuela, amene ankalimbana ndi eni chuma, ndi Marine Le Pen, wandale wa ku France, amene amalimbana ndi zoti obwera azilowa m'dziko, onse amatchulidwa ndi mawu amodzi ngakhale sagwirizana pa zambiri.

Pofuna kuizindikira, musayang'ane kukula kwa lonjezo. Tcherani khutu pamene mtsogoleri watsutsidwa. Khoti likamuletsa, nyuzipepala ikamufunsa, kapena akagonja pa chisankho, amati chiyani? Ngati yankho lake nlakuti iye yekha ndiye amalankhulira anthu, ndipo womutsutsa aliyense ndi mdani wa anthu, mwaipeza. Ngozi yagona pamenepa, chifukwa zotchinga zonse zimene zimagwira dzanja wolamulira zimayamba kuoneka ngati zopinga zofunika kugwetsa.

Pa chuma, vuto limabwera lonjezo likapanda masamu. Venezuela inaika malire a mitengo ya zakudya kuyambira 2003. Mtengo ukatsikira pansi pa ndalama zopangira katundu, wopanga amaleka, mashelefu amatsala mbee, katundu amakapezeka kumsika wamseri pamtengo wokwera koposa.

Komabe madandaulo amene populism imadyerapo nthawi zambiri amakhala enieni: katangale, ulova, atsogoleri osamva. Choncho kutcha populism mfundo iliyonse yothandiza osauka nkulakwira osaukawo. Musanatchule mawuwa, funsani kaye kuti ndalama zichokera kuti, ndiponso ngati wolonjezayo amalola kufunsidwa funso limeneli.