Mimba yopanda mwana: zaka za mayi zikutiuza chiyani?

Pali mtundu wa mimba umene madokotala timautcha molar pregnancy. Mayi amasiya kusamba, akayezetsa amauzidwa kuti ndi woyembekezera, nseru imamuvuta kwambiri, koma m'chiberekero simukula mwana. Chimakula ndi nsengwa, itasanduka timatuza tamadzi tonga mphesa. Vuto limayambira pomwe dzira lakumana ndi umuna: mwina dziralo linalibe ma chromosome (tizinthu tonyamula chibadwa cha makolo) a mayi, kapena mbewu ziwiri za bambo zinalowa m'dzira limodzi. Mayi sanalakwe chilichonse, ndipo si ufiti.

Ku England, komwe chipatala cha Charing Cross ku London chakhala chikulemba odwala matendawa kuyambira 1973, pafupifupi mimba imodzi mwa 600 imakhala yotere. Ku South Korea ndi ku Japan chiwerengero chinali chokwera m'zaka za m'ma 1960, kenako chinatsika. Ku England chinakwera pang'ono, mwa zina chifukwa amayi ambiri akubereka atakula, komanso ma labotale tsopano akuzindikira mimba zomwe kale zikanangolembedwa kuti mayi wapita padera.

Chimene sichisintha kulikonse ndi mphamvu ya zaka za mayi. Mimbazi zilipo mitundu iwiri: wina mumayamba kupangika mwana koma sakula bwino, wina mulibiretu mwana. Mtundu umene mulibiretu mwanawu, pakati pa zaka 18 ndi 40 umapezeka pa mimba yosakwana imodzi mwa 1,000. Pa zaka 45 umafika imodzi mwa 156, ndipo kupitirira zaka 50 ndi imodzi mwa 8. Dzira likakalamba, kugawikana kwa ma chromosome kumasokonekera mosavuta. Atsikana osakwana zaka 16 nawonso chiopsezo chawo n'chokwera, ndipo izi zimandidetsa nkhawa chifukwa kwathu kuno atsikana ambiri amatenga pakati ali aang'ono.

Chithandizo ndi kukolopa m'chiberekero, koma nkhani sithera pamenepo. Mwa amayi 100 omwe anali ndi mtundu wopanda mwanawu, pafupifupi 15 timatuza timayambanso kukula ndipo tingasanduke khansa. N'chifukwa chake timayeza hCG (homoni imene thupi limapanga mayi akakhala ndi pakati) mobwerezabwereza mpaka itatheratu, ndipo timapempha mayi adikire kaye asanatengenso pakati. Khansa imeneyi imachizika bwino ndi mankhwala monga methotrexate ikapezeka msanga. Mayi wa zaka zopitirira 40, kapena mtsikana wamng'ono, amene akutaya magazi m'miyezi yoyamba ya mimba, apemphe sikani, ndipo akakolopedwa afunse ngati zomwe zatuluka zatumizidwa ku labotale.