Mafunso ndi mayankho pa ndondomeko yokonzanso madera a m'mphepete mwa mzinda kuti ulendo uliwonse usamalire galimoto

Chipachikireni mapu a ndondomekoyi, mzere pakhomo la ofesi yathu ya mapulani sukutha. Ena akubwera ndi mapepala a puloti m'manja, ena akubwera ndi mkwiyo wokhawokha atamva mphekesera. Popeza mafunso ake ndi omwewomwewo, taona kuti tiwayankhe pamodzi, kuyambira amene akutisowetsa mtendere kwambiri.

Kodi n'zoona kuti mukufuna kutilanda magalimoto?

Ayi. Palibe ndime yoletsa munthu kugula, kusunga kapena kuyendetsa galimoto yake.

Nanga ndondomekoyi ikufuna chiyani?

Zinthu zitatu: basi kapena sitima yobwera pafupipafupi m'misewu ikuluikulu, chilolezo choti nyumba, mashopu, maofesi ndi zipatala zazing'ono zizikhala dera limodzi pafupi ndi masiteji, komanso njira zoti woyenda pansi kapena panjinga afike pasiteji osazungulira.

Tamva kuti munthu azidzalipitsidwa akatuluka m'dera lake. Zili choncho?

Sizili choncho, ndipo bodzali silinafale kuno kokha. Ganizo la mzinda wa mphindi 15, lomwe pulofesa wa ku Paris Carlos Moreno anatchukitsa kuyambira mu 2016, limangonena kuti zofunika za tsiku ndi tsiku zizipezeka pafupi ndi kwanu. Ku Oxford, ku England, anthu anachita zionetsero mu 2023 atasakaniza ganizoli ndi dongosolo lina loletsa magalimoto kudutsa pamalo ena pa maola ena. Kusendeza sukulu pafupi ndi nyumba yanu sikukutsekerani njira yopita kutali.

Bwanji osangokulitsa misewu? Vuto lathu ndi mdipiti wa magalimoto m'mawa.

Funsoli timalimva tsiku lililonse, ndipo ofunsawo sakulakwa pa zomwe akuona. Kungoti msewu ukakula sukhala wopepuka nthawi yaitali. Amene ankanyamuka mbandakucha pothawa mdipiti amabwerera ku nthawi yawo yakale, amene ankakwera basi amatulutsa galimoto, makampani omanga nyumba amapita kutali podziwa kuti msewu ulipo. Ku Houston, ku America, anamaliza kukulitsa msewu wa Katy Freeway mu 2008, mpaka malo ena unafika mizere 26 kuwerengera ndi timisewu ta m'mbali. Sipanapite zaka zambiri, ulendo wa pa maola otanganidwa unayambanso kutalika. Mu 2011 akatswiri azachuma Gilles Duranton ndi Matthew Turner, atasanthula mizinda ya ku America, anapeza kuti makilomita omwe magalimoto amayenda amakula pafupifupi mofanana ndi misewu yomwe yawonjezedwa.

Tiyenera kuvomereza kuti kafukufuku yemweyo anapezanso kuti kuwonjezera mabasi ndi sitima pakokha sikuchotsa mdipiti, chifukwa malo omwe wina wasiya pamsewu wina amawatenga. Choncho sitikulonjeza msewu wopanda mzere wa magalimoto. Chomwe basi yokhala ndi njira yakeyake imachita n'kukupatsani mwayi wosaima nawo pamzerepo.

Puloti yanga ili m'gulu la zololedwa kumangapo zowonjezera kapena ayi? Mnansi wanga akuti yake ili mkati, yanga ili kunja.

Apa ndi pamene pakuchokera madandaulo ambiri, ndiye tipempha muwerenge modekha.

Muyeso womwe okonza mizinda ambiri amagwiritsa ntchito ndi mamita pafupifupi 800 kuchokera pasiteshoni kapena siteji yaikulu, womwe ndi mtunda wa mphindi 10 munthu akuyenda bwinobwino. Kusamvana kukubwera pa kayezedwe kake. Anthu akumatenga mapu n'kujambula mzere wowongoka kuchokera pageti pawo kukafika pasiteji, n'kubwera kudzatiuza kuti ali mkati. Ife tikuyeza njira yomwe phazi lingapondemo. Madera ambiri akumayadi anamangidwa ndi timisewu tokhotakhota totsekeka kumapeto, moti nyumba ikhoza kukhala kuseri kwenikweni kwa siteji, mukumva basi ikuima ndi kunyamuka, koma pakati pali mpanda ndi ngalande, ndipo kuti mukakwere muyenera kutuluka, kukhota kawiri katatu n'kukalowera kumsewu waukulu. N'chifukwa chake mapuloti awiri ogundana akhoza kugwera mbali zosiyana. Sikukondera ayi.

Pamene patsegulidwe kanjira ka oyenda pansi kumapeto kwa msewu wotsekeka, muyeso udzasintha, ndipo mapuloti ena omwe lero ali kunja akhoza kulowa. Tikuti akhoza, sitikuti adzalowa. Musagule kapena kugulitsa malo podalira kanjira komwe sikanavomerezedwe.

Kukhala mkati mwa mzere sikutanthauzanso kuti mawa muyambe kukumba maziko. Pulani yanu iyenerabe kubwera kudzavomerezedwa. Tidzayang'ana ngati mapaipi a madzi ndi a suweji a mumsewu wanu angapirire mabanja owonjezera, ngati madzi a mvula ali ndi kolowera, komanso ngati chikalata cha malo anu chilibe mfundo yakale yoletsa kumanga nyumba yoposa imodzi. Mfundo zoterezi zimapezeka m'zikalata zambiri za madera akale, ndipo kusintha kwa mapu athu pakokha sikuzifafaniza. Amene ali pa lendi ya malo ya zaka zambiri aonenso zomwe mgwirizano wawo ukunena.

Kutalika kololedwa kudzatsika pamene mukutalikira siteji: nyumba zosanjikizana pafupi penipeni, zapakatikati kuseri kwake, kenako nyumba wamba. Umu ndi mmene boma la Arlington, ku Virginia m'dziko la America, linachitira pa masiteshoni asanu a pakati pa Rosslyn ndi Ballston, litasankha kuti njanji idutse pansi pa msewu wake wakale wamalonda m'malo motsata msewu waukulu wa magalimoto. Sitima inayamba kufika ku Ballston mu 1979, ndipo mpaka lero mukangoyenda pang'ono kuchoka pa nyumba zazitalizo mumapeza timisewu tabata ta nyumba za banja limodzi.

Ndikakamizidwa kugwetsa nyumba yanga?

Ayi, chilolezo si lamulo loti mumange. Pokhapokha pamene pakufunika kachigawo ka malo ka njira ya basi kapena ya oyenda pansi m'pamene mwini malo adzalemberedwe kalata payekha, ndipo nkhani ya chipukuta misozi idzatsata lamulo la kutenga malo pa ntchito zokomera anthu onse.

Ndiye posachedwa msewu wathu udzadzaza ndi nyumba zosanja?

Zomwe zachitika kwina zikusonyeza kuti kusintha kumabwera pang'onopang'ono kuposa mmene oopa ndi okondwa omwe amaganizira. Mzinda wa Minneapolis, ku America, unavomereza mu 2018 kuti puloti yomwe kale inkaloledwa nyumba imodzi izitha kukhala ndi mabanja atatu. Omanga zotere anakhala ochepa, ndipo nyumba zatsopano zambiri zinamangidwa m'misewu ikuluikulu. Ku Auckland, ku New Zealand, komwe mu 2016 anamasula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a malo okhala anthu, kumanga kunakwera kwambiri. Zimatengera mtengo wa malo, chiwongoladzanja cha ngongole ndiponso kuchuluka kwa ofuna nyumba.

Mnansi wanga akatsegula galaja kapena malo omwera mowa?

Kusakaniza ntchito za malo sikutsegulira khomo chilichonse. Shopu, malo ometera, ofesi, sukulu ya mkaka ndi zina zosasokoneza ndi zomwe zikuloledwa pansi pa nyumba zogona. Zaphokoso, zautsi ndi zogwira usiku zikhalabe ndi malamulo ake.

Ndalama zake zichokera kuti? Kodi msonkho wa malo ukwera?

Funso ili sitingaliyankhe ndi mawu amodzi, ndipo amene akukuuzani kuti palibe adzalipire kanthu sakulankhulira ofesi ino.

Pali ndalama zamitundu iwiri zomwe anthu akuziphatikiza. Yoyamba ndi yomangira: njira ya basi, masiteji, misewu ya oyenda pansi, mapaipi akuluakulu. Iyi imalipidwa kamodzi, kawirikawiri ndi ngongole yobweza zaka zambiri. Yachiwiri ndi yoyendetsera: malipiro a madalaivala, mafuta kapena magetsi, kukonza mabasi. Iyi ndi ya chaka ndi chaka, ndipo m'mizinda yambiri padziko ndalama zomwe okwera amalipira sizikwanira kuiphimba. Ntchito zambiri zotere zimafooka pa mtundu wachiwiriwu, riboni itadulidwa kale.

Tikaika siteshoni, malo oizungulira nthawi zambiri amakwera mtengo mwini wake asanakhomepo ngakhale msomali. Maganizo athu ndi akuti gawo lina la phindu limenelo libwerere ku ntchito yomwe yalibweretsa. Si ife oyamba. Ku Colombia kuli msonkho wa mtundu umenewu kuyambira 1921, ndipo mzinda wa Bogotá wamanga misewu yambiri ndi ndalama za msonkhowu. Ku London, kuyambira 2010 mabizinesi a malo amtengo wapamwamba akhala akulipira kandalama kowonjezera kothandizira njanji ya Crossrail, yomwe inatsegulidwa mu 2022 ndi dzina la Elizabeth line. Ku São Paulo, wofuna kumanga kupyola muyeso wamba amagula ufulu umenewo kwa mzinda. Ku Hong Kong kampani ya sitima ya MTR imapeza ndalama zambiri pomanga ndi kubwereketsa nyumba pamwamba ndi pambali pa masiteshoni ake.

Njira yomwe tikuikonda ndi yoti alipire kwambiri ndi amene akumanga zowonjezera, pa nthawi yomwe akutenga chilolezo. Komabe kumene msonkho umawerengedwa potengera mtengo wa malo, mtengowo ukakwera msonkho umatsatira pa kuwerengera kotsatira, ngakhale mwiniwake sanasinthe kalikonse. Tikudziwa kuti izi zimapweteka munthu wopuma pantchito yemwe chuma chake chonse ndi nyumba yomwe akukhalamo. Mizinda ina imalola wotere kuchedwetsa gawo lowonjezeralo mpaka nyumba idzagulitsidwe, ina imakweza pang'onopang'ono pa zaka zingapo. Zonsezi zili pa tebulo, koma zimafuna chivomerezo cha khonsolo, choncho musatenge ndime ino ngati lonjezo.

Chimodzi chomwe sichitchulidwa pa mikangano imeneyi n'chakuti dera lomwazikana nalonso lili ndi mtengo wake. Paipi, msewu ndi nthambo zamagetsi zomwe zikutumikira nyumba khumi zikanatha kutumikira mabanja ochuluka pa utali womwewo, ndipo zikatha ntchito wolipira kukonzanso ndi mzinda wonse.

Mwachotsa lamulo la malo oimika magalimoto. Tiziimika kuti?

Tachotsa kukakamiza omanga kuika malo oimikapo, sitinaletse. Womanga akhoza kuikabe malo oimikapo ochuluka mmene akuonera kuti ogula ake afuna. Galimoto imodzi, kuphatikiza pokhotera ndi potulukira, imadya masikweyamita pakati pa 25 ndi 30, omwe ndi malo okwana kachipinda kogona ndi khitchini yake. Lamulo likakakamiza malo amenewa, mtengo wake umalowa mu lendi ya aliyense, ngakhale wopanda galimoto. Mzinda wa Buffalo, ku America, unachotsa lamuloli mu mzinda wonse mu 2017, ndipo omanga ambiri anapitiriza kuika malo oimikapo, ena ocheperapo. Kuti mumsewu wina magalimoto a alendo adzachuluka, zimenezo zikhoza kuchitika, ndipo kumeneko tidzaganizira ziphaso za okhala mumsewumo.

Muyamba n'chiyani, mabasi kapena nyumba? Tikuopa kuchulukana popanda chokwera.

Manthawa ndi omveka. Basi yobwera kamodzi pa ola palibe amene angasiyire galimoto yake. Ikamabwera mphindi 10 zilizonse, munthu amangopita pasiteji osayang'ana ndandanda, koma kuti itero pamafunika okwera ambiri okhala pafupi. Ku Curitiba, ku Brazil, pansi pa meya Jaime Lerner, anatsegula njira za mabasi okhaokha mu 1974 ndipo analola nyumba zazitali m'mbali mwa njira zomwezo, ziwirizi zikukulira limodzi. Ku Vauban, dera la mzinda wa Freiburg ku Germany lomwe linamangidwa pamalo a kampu yakale ya asilikali a ku France, anthu anayamba kukhalako sitima ya mumsewu isanafike mu 2006. Kumeneko mwini galimoto wa m'timisewu tambiri amaimika m'galaja ya kumalire a dera, ndipo pakhomo amangofikapo kudzatsitsa katundu. Ife tikufuna zilolezo za nyumba zazitali zizitsegulidwa gawo ndi gawo, motsatana ndi kuyamba kwa mabasi pa njira imeneyo.

Ife a lendi bwanji? Dera likakongola sitithamangitsidwa?

Zimachitika, ndipo sitikana. Pafupi ndi siteshoni yatsopano lendi imakonda kukwera, ndipo oyamba kusamuka amakhala omwe amadalira basi kwambiri. Kulola nyumba zambiri kumachepetsa kukweraku mumzinda wonse, koma sikuteteza banja lomwe nyumba yake yagulidwa kuti igwetsedwe. Chida chomwe ofesi ya mapulani ili nacho ndi kupempha kuti nyumba zikuluzikulu zatsopano zikhale ndi gawo la zipinda zotsika mtengo, komanso kugwiritsa ntchito malo a boma oyandikira masiteji. Za mgwirizano wa pakati pa inu ndi eni nyumba zili pansi pa lamulo lina, osati ndondomeko ino.

Okalamba, anthu aulumali ndi amisiri onyamula zida?

Galimoto zawo, maambulansi ndi zobweretsa katundu zizifikabe pakhomo. Masiteji atsopano adzakhala ofanana msinkhu ndi khomo la basi kuti njinga ya munthu waulumali izilowa popanda kunyamulidwa.

Ndikuona kuti mwalakwitsa poyeza puloti yanga. Nditani?

Lembani kalata yotchula nambala ya puloti, ndipo jambulani pamapu njira yomwe mumayenda popita pasiteji, kusonyeza geti kapena kanjira kalikonse komwe ife sitinakaone. Njirayo ikhale yololedwa kwa aliyense, osati yodutsa pabwalo la mnansi kapena pobowoka mpanda. Oyeza malo athu adzabwera kudzayenda nanu njirayo, ndipo yankho mudzalandira polemba.