Ana asathamangire kudina batani la loboti

Bee-Bot ndi kaloboti kooneka ngati njuchi komwe kamapezeka m'makalasi ambiri a ana aang'ono ku Britain. Pamsana pake pali mabatani a mivi, ndipo kamasunga malamulo amene mwadina n'kuwatsatira mukadina batani loyambitsira ulendo. Mukadina woloza kutsogolo, kamayenda masentimita 15. Mukadina wakumanja, kamatembenuka madigiri 90 pamalo pomwepo.

Mphunzitsi amajambula pansi timabokosi ta masentimita 15, n'kulembamo manambala, zilembo kapena mapu a mudzi, chitsime apa, msika apo. Kenako amati, "Njuchi ili pa 3, ifikitseni pa 7." Mwana wothamanga amadina kasanu chifukwa wawerengera ndi bokosi limene yaimapo, ndipo njuchi imakaima pa 8 anzake onse akuona. Wina amaganiza kuti ikamakhota imapitanso patsogolo. Winanso amaiwala kufufuta malamulo akale, loboti n'kuyamba kubwereza ulendo wa mnzake uja.

Apa m'pamene ndimapempha aphunzitsi kuti agwire mtima, asamukonzere. Loboti imachita ndendende zomwe yauzidwa, choncho ikasochera, maganizo a mwanayo aonekera poyera ndipo angathe kupeza yekha pomwe paphonyeka. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti asanadine, aziyamba ajambula mivi papepala n'kunena pomwe ikaime. Akapanda kutero amangodinadina mpaka mwayi uwagwere, belu n'kulira asanatolepo kanthu.

Nzeruyi si yatsopano. Seymour Papert wa ku yunivesite ya MIT ku America, mmodzi mwa omwe anapanga chilankhulo cha kompyuta cha Logo mu 1967, ankagwiritsa ntchito loboti yotchedwa kamba, ndipo mwana akasowa chochita ankamulimbikitsa kuti ayende yekha njirayo ngati kambayo. Ngakhale pasukulu yopanda loboti zimatheka: wina akhale loboti, mnzake azimulamula pabwalo.

Kwa ana okulirapo kunali LEGO Mindstorms, zida zomangira loboti zomwe zinatuluka mu 1998 ndipo anasiya kuzipanga mu 2022, koma pakadalipo micro:bit ya BBC ya mu 2016, kakompyuta kakang'ono komwe kamayeza kutentha ndi kuwala ndipo kamamangidwa pa tigalimoto. Afunseni kuti tayala lizungulire kangati kuti galimoto iyende mita imodzi. Pi uja ankangoloweza, nambala yowerengera utali wozungulira tayala, amamufuna okha.

Kalasi ikakhala yodzaza, pagulu lililonse pakhale wolemba mivi, wodina, woyeza ndi wofotokoza, ndipo azisinthana. Mukalekerera, anyamata awiri olimba mtima aikumbatira lobotiyo, atsikana n'kumangoonerera chapatali.