Kazembe salankhula zake

Pa maliro ena ku Limbuli, bambo wina atamva kuti ndinagwirapo ntchito m'maofesi a akazembe anandifunsa mosapsatira: "Achimwene, kodi akazembe aja amagwira chiyani kupatula kuvala masuti ndi kumwa vinyo?" Amuna amene tinazungulira nawo moto anaseka. Ine ndinamufunsa ngati anakhalapo nkhoswe.

Nkhoswe ikapita kuchikazi, maganizo ake imawasiya pakhomo n'kunyamula a banja. Kazembe nayenso ndi pakamwa pa dziko. Kuno kwathu amasankhidwa ndi Pulezidenti, kenako komiti ya Nyumba ya Malamulo imamuunika ndi kumuvomereza. Koma asamange katundu msanga. Dziko limene akupitako liyenera kuyamba lavomera dzina lake, ndipo pangano la ku Vienna la 1961 limalola dzikolo kumukana popanda kunena chifukwa. Akafika amakapereka zikalata zomuzindikiritsa kwa mtsogoleri wa kumeneko. Wa ku Washington amatchedwa Ambassador, pamene wa ku Maputo ndi High Commissioner chifukwa mayiko a m'bungwe la Commonwealth amatchula akazembe otumizirana choncho, ndipo Mozambique inalowa m'bungweli mu 1995. M'Chichewa onsewo timangoti kazembe, ndipo sitilakwa.

Vinyoyo alipo, sindikana. Koma tambula imodzi imatha kugwiridwa madzulo onse osaimwa, makutu ali tcheru. Ntchito yeniyeni imayamba alendo akabalalika: kulemba lipoti lopita ku likulu. Ndinaonapo bwana wanga atavula jekete pakati pa usiku, akufufuta ndi kubwezera mawu amodzi okha, "tadandaula" kapena "takhumudwa", poti mawu awiriwa salemera mofanana m'makutu a boma lina. Kukacha, pakhomo pali wina amene wataya pasipoti ku Joni, abale ofuna zikalata zonyamulira maliro, ndi amalonda ofunsa za katundu amene wachedwa pa doko la Beira. Tiyi amene amathyoledwa m'minda ya Mulanje ndi Thyolo sangafike kutsidya la nyanja osadutsa m'dziko la eni, ndipo njirayo imasalala pokhapokha wina akamacheza bwino ndi eniwo.

Lipoti lija ndi lachinsinsi, ndipo likatuluka limawotcha. Mu April 2011 kalata ya kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, yonena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika sakufunanso kudzudzulidwa, inafika m'nyuzipepala. Boma linamupitikitsa, Britain nayo inabweza a Flossie Gomile-Chidyaonga amene ankatiyimira ku London, ndipo mu July inaimitsa thandizo la bajeti. Kwa ine, munthuyo anangogwira ntchito imene anatumidwa: kuuza kwawo zimene akuona. Ngakhale athu amalemba zotero.

Chovuta kwambiri n'chakuti mtima ukhoza kukana uthenga umene wanyamula. A David Rubadiri anali kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations mu 1964. Kamuzu atasemphana ndi nduna zake, iwo anatula pansi udindo mu 1965 n'kukaphunzitsa ku Yunivesite ya Makerere, ku Uganda. Mpando wa ku United Nations anadzaukhalanso mu 1997, patapita zaka zoposa 30, ndipo mu 2000 anakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi.

Bambo uja anasonkhezera chikuni, n'kunena kuti iye unkhoswe anausiya chifukwa mbali zonse ziwiri zinkamuda.