Wodwala sitiroko akabwerera kunyumba: mutetezeni kuti asagwe

Munthu wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala, miyezi yoyambirira ndi imene amagwa kwambiri. Mwendo wofooka umakoka pansi, chala chimakodwa pa mkeka, ndipo dzanja loti agwirire khoma silimvera. Ena saona bwino mbali imodzi, moti amawomba chitseko chimene anachizolowera zaka zambiri. Akagwa, kawirikawiri amagwera kumbali yofookayo, ndipo fupa la m'chiuno limatha kuthyoka.

Mabanja ambiri akaona zimenezi amangoti, "Agogo, khalani pansi, tikupatsirani zonse pomwepo." Ndi chikondi ndithu, koma chimavulaza. Wongokhala pamphasa tsiku lonse miyendo imapitirira kufooka, mantha amakula, ndiye tsiku limene adzadzuke yekha ndi lomwe adzagwe. Musamuletse kuyenda. Konzani poyenda pake.

Yendani nokha njira yochokera pamene amagona kukafika kuchimbudzi, maso ali pansi. Chotsani mikeka yopindika m'mphepete, zingwe, ndowa, mbaula ndi nsapato za ana. Kwirirani maenje apabwalo, ndipo nthawi ya dzinja thirani mchenga poterera. Usiku pakhale tochi kapena nyali ya sola pafupi ndi dzanja lamphamvu, komanso kandowa kokodzeramo, asamachite kutuluka mumdima.

Chimbudzi chokumba ndicho chimavuta kwambiri, chifukwa kunjuta ndi kudzukanso kumafuna miyendo iwiri yamphamvu. Pezani kalipentala aboole mpando wolimba kuti uzikhala pamwamba pa dzenje, ndipo zikani mtengo wogwirira pambali. Kubafa azisamba atakhala pampando, osati choimirira pa simenti ya sopo. Mapatapata ayi, avale nsapato zogwira chidendene. Chitenje chimangidwe cholekeza pamwamba pa akakolo.

Podzuka asafulumire. Ayambe wakhala kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi onse ali pansi, mpaka mutu ukhazikike. Mankhwala a BP nthawi zina amachititsa chizungulire munthu akaimirira msanga. Zikatero musasiye mankhwala panokha, kauzeni adokotala.

Ndodo igwidwe ndi dzanja lamphamvu. Pokwera khonde uyambe mwendo wamphamvu, potsika uyambe wofooka. Inu womuthandiza, imani kumbali yofooka, chakumbuyo pang'ono, mutamugwira m'chiuno. Chonde musamukoke mkono wofooka, ngakhale pomudzutsa. Phewa limaguluka msanga ndipo ululu wake umatenga nthawi.

Asamadumphe mafizo, masewera olimbitsa ziwalo zofooka. Funsani kuchipatala cha boma lanu za madokotala a mafizo. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre. Zimene amuphunzitsa kumeneko azibwereza kunyumba tsiku ndi tsiku, wina ali pambali.

Akagwa, musathamangire kumunyamula. Mufunseni pamene pakupweteka. Ngati sanavulale, atembenukire chammbali, agwade, agwire mpando wolimba, atsogoze phazi lamphamvu, kenako adzikweze n'kukhala. Koma ngati wamenyetsa mutu, makamaka pamene akumwa asipirini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati akulephera kupondetsa mwendo, akusanza, akusinzasinza, kapena kamwa lapotokanso ndipo mawu sakumveka, pezani galimoto mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.