Kodi sukulu zakale za ku Chigwa cha Shire zinayamba liti?

Mu 2026 pakukwana zaka 100 chikhazikitsireni boma la atsamunda nthambi ya zamaphunziro m'dziko muno. Ino ndi nthawi yabwino younikanso mkangano womwe suzilala pa sukulu zakale za ku Nsanje ndi Chikwawa: chikwangwani cha pamsewu chimanena chaka china, agogo omwe anaphunzira pomwepo amanenanso china.

Gwero la kusiyanaku ndi chaka cha 1926, chomwe nthambiyo inakhazikitsidwa. Chisanafike, maphunziro anali m'manja mwa mamishoni. A South Africa General Mission anafika ku Lulwe mu 1900, nthawi yomwe Nsanje ankatchedwa Port Herald, kenako anakhazikika ku Chididi, ndipo Akatolika nawo anadzatsegula sukulu zawo. Zambiri zinali tizisakasa taudzu, mphunzitsi wake yemweyonso mlaliki. Bungwe la ku America loona za maphunziro la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, boma linayamba kupereka thandizo la ndalama mwandondomeko, koma sukulu yofuna thandizolo inkayenera kulembetsedwa, kusunga kaundula ndi kulandira oyendera sukulu. Choncho tsamba loyamba la kaundula nthawi zambiri limasonyeza chaka chomwe boma linaizindikira sukulu, pamene ana anali atayamba kale kusonkhana pansi pa mtengo. Agogo aja sakunama.

Mabuku otsalawo sayenera kukhulupiriridwa mofanana. Kaundula wolembera ana atsopano ndi wodalirika pa dzina, mudzi, mfumu ndi tsiku lolowera, koma pa tsiku lobadwa amapunduka. Mwana ankauzidwa kudutsitsa mkono pamutu kuti agwire khutu la mbali inayo. Akaligwira, wakwana, ndipo chaka chobadwa aphunzitsi ankangoyerekeza. Logibuku ya mphunzitsi wamkulu, momwe amalembamo zochitika za pasukulu, ndiyo yonona: mumapezeka tsiku lomwe denga linasasuka, mwezi womwe ana anachepa chifukwa cha njala, ngakhalenso ndemanga za oyendera. Koma muziiwerenga podziwa kuti wolembayo ankadziwa kuti bwana wake adzaiona. Ku National Archives, kosungirako zikalata zakale ku Zomba, kuli malipoti a boma, ngakhale kuti moto wa mu 1919 unapsereza zikalata zambiri zoyambirira. Za zaka zimenezo n'kwabwino kuyamba ndi mabuku a ubatizo a ku mishoni.

Zaka za pakati tingozidumpha, kupatula 1994, pamene maphunziro aulere a pulayimale anachulukitsa ana mwadzidzidzi moti mayina ena ankangolembedwa m'makope wamba.

Kenako madzi. Kusefukira kwa mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 kunamiza sukulu zina, zina n'kusanduka misasa ya othawa madzi. N'kosavuta kuloza chala aphunzitsi aakulu kuti sanasamale mabuku, koma munthu amene akupulumutsa ana usiku sangayambe ndi kabati.

Buku lonyowa likhoza kupulumuka. Musaliyanike padzuwa, chifukwa masamba amapindika n'kumatirirana, ndipo musalitsegule mokakamiza. Liimikeni pamthunzi podutsa mphepo, muziika mapepala oyera pakati pa masamba n'kumawasintha akanyowa. Inki ina imasungunuka msanga, pensulo imapirira. Likauma, jambulani tsamba lililonse pa foni, zithunzizo muzisungenso kwina, monga ku TDC (malo a msulo wa aphunzitsi m'dera) kapena ku mishoni. Bukulo likhale m'bokosi lachitsulo, pathandala lalitali losagunda khoma, poti chiswe chimakwera ndi khoma n'kudya mkati chikuto chili chilili.