Bandjoun, ufumu umene umabalalitsa ana ake n'kuwaitananso

Wopita kukaona mfumu ya Bandjoun, ku Cameroon, amachita kutsika. Msika ndi bwalo la magule zili pamtunda, ndiye kuchoka pamenepo njira yotakata imatsetsereka kuloza kudambo, uku ndi uku kutandandalika nyumba za akazi a mfumu. Kumapeto kwa njirayo kwaima nyumba yaikulu ya misonkhano, yotalika mamita pafupifupi 17, denga lake losongoka lofolera ndi udzu wochindikala, makoma ake a mapesi a chiwale omangidwa mothinana. Khonde lake lazungulira nyumba yonse ndipo lagwiridwa ndi nsanamira zosemedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, pooneka nkhope za mafumu, atumiki ndi nyama. Kuseri kuli nkhalango yopatulika imene munthu wamba saloledwa ngakhale kutolamo nkhuni. Kwa Abamileke, mtundu wa anthu a Bandjoun, malo aulemu ndi a kumunsi, kumene kuli madzi, chiwale ndi nthaka yabwino.

Bandjoun ili m'mapiri a kumadzulo kwa Cameroon, pamtunda wosapitirira makilomita 20 kuchokera mumzinda wa Bafoussam, ndipo ndi likulu la boma la Koung-Khi. Anthu ake amalankhula Ghomala'. Abamileke alibe mfumu imodzi yolamulira onse. Ali ndi maufumu oposa 100, wina waukulu wina waung'ono, uliwonse ndi mfumu yake yotchedwa fo, malire ake ndi nkhalango yake. Baham, Bangangté, Baleng, Bamendjou ndi Bafoussam ndi ena mwa iwo, koma Bandjoun ndi umodzi mwa akuluakulu kwambiri.

Mbiri ya pakamwa imati woyambitsa anali mlenje dzina lake Notchwegom, wa kubanja lachifumu la Baleng, amene anachoka kwawo zaka pafupifupi 400 zapitazo. Iye anakopa anthu ndi nyama ya kuuzimba, anakwatira m'mabanja a mafumu ang'onoang'ono amene anawapeza, ndipo anali kugula anthu ogwidwa ukapolo n'kuwakhazika pamalo ngati nzika zake. Dzina la Bandjoun limachokera pa kugulako. Mafumu otsatira anakuza dziko ndi nkhondo, koma maziko anali omwewo: mfumu yolemera ndi imene ili ndi anthu ambiri. N'chifukwa chake mafumu akale ankakwatira akazi makumimakumi, ndipo mlendo wokhala ndi luso ankapatsidwa malo ndi dzina laulemu kuti asapitirire.

Mfumu sinali yokha, ndipo mpaka lero siili yokha. Pambali pake pali nduna zisanu ndi zinayi zotchedwa kamvu'u, zimene zimatengedwa kuti ndi zidzukulu za anzake a woyambitsa ufumu. Mipando yawo ndi ya kumtundu, mfumu singangoichotsa itakwiya. Mfumu isanamwalire imanong'oneza ena mwa akuluakulu amenewa dzina la mwana amene adzalowe m'malo, ndipo iwo amasunga khutu. Pa tsiku la maliro, anthu atadzaza bwalo, mwanayo amagwidwa pamaso pa onse ngati wakuba, n'kumukokera kumalo obisika otchedwa la'akam. Kumeneko amabindikira masabata asanu ndi anayi akuphunzitsidwa miyambo, mankhwala ndi zinsinsi za dziko. Potuluka si mwana wa uje ayi, ndi fo, amene amafanizidwa ndi nyalugwe, njovu ndi njati. Mayi wake, kapena mkazi wina wa kubanjako woimira mayiyo, amakhala mafo, ndipo mawu ake amalemera pa nkhani za amayi ndi minda.

Sabata ya kumeneko ndi ya masiku asanu ndi atatu. Msika waukulu umagwa kamodzi pa masiku amenewo, ndipo pali masiku ena oletsedwa kugwira khasu.

Chimene chimachitika kwa mfumu chimachitikanso m'nyumba ya munthu wamba, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya Abamileke. Bambo akamwalira, munda sugawidwa. Mwana mmodzi yekha, amene bamboyo anamusankha mwakachetechete, amatenga mudzi wonse: nyumba, minda yotchingidwa ndi mipanda ya mitengo yamoyo, dambo la chiwale, dzina laulemu, ndi udindo wosamala amasiye. Sakakamizidwa kusankha woyamba kubadwa. Abale ake, ngakhale amene anamulera, amayamba kumuyesa bambo wawo. Enawo ayenera kukapempha malo kwa mfumu n'kuyambitsa mudzi wawo, kapena kuchoka.

Ndi lamulo louma mtima, ndipo ine sindingalikometsere. Mwana wina amakula akulima munda umene sadzaudya. Koma m'dziko lothinana anthu ngati limeneli, kugawa munda kwa ana khumi kukanasiya aliyense ndi kachigamba kosakwana ngakhale mizere ya nyemba. Lamuloli linasunga minda yathunthu, ndipo linatulutsa m'mapirimo khamu la anyamata odziwa kuti palibe chowadikira kumudzi. M'nthawi ya ulamuliro wa atsamunda a ku France iwo anatsikira kuchigwa cha Mungo ndi ku Nkongsamba kukagwira ntchito m'minda ya khofi ndi nthochi, kenako n'kugula mindayo. Ena anapita kumizinda ikuluikulu ya Douala ndi Yaoundé kukayamba ndi kathebulo ka pamsika. Chida chawo chinali chipeleganyu cha anthu a mudzi umodzi, chokhala ndi malamulo okhwima mwakuti wolephera kusonkha amachita manyazi mpaka kwawo. Victor Fotso, mwana wa Bandjoun amene anamwalira mu 2020, anayamba ndi malonda ang'onoang'ono n'kufika pokhala ndi mafakitale ndi banki, ndipo sukulu ya ukachenjede ya zaumisiri imene ili ku Bandjoun imatchedwa ndi dzina lake.

Nanga wochokayo chimamubweza n'chiyani? Zigaza za makolo. Pakapita zaka zingapo munthu ataikidwa, abale amafukula chigaza chake n'kukachiika m'kanyumba kapadera kapena pakona ya nyumba ya mlowam'malo, chokwiriridwa pang'ono m'dothi. Munthu zikamuvuta kutauni, mwana akamadwaladwala, malonda akamalowa pansi, amakwera basi kubwerera kumudzi. Mlowam'malo amamutsogolera pazigazapo, amathira mafuta ofiira a kanjedza ndi mchere, nthawi zina nyama ya mbuzi kapena nkhuku, n'kulankhula ndi malemu momutchula dzina ngati ali pompo: mwana wanu uyu wabwera, ngati pali chimene anakulakwirani mumasuleni. Wamkulu wa kampani ku Douala amatha kugwada pamaso pa mng'ono wake wosapita kusukulu chifukwa ndiye wosunga zigaza. Mipingo ina, makamaka ya chipentekoste, imaletsa zimenezi kotheratu, ndipo m'mabanja ambiri mkangano umabuka mlowam'malo akatembenuka mtima n'kukana kuthira nsembe, chifukwa akatero watsekera abale onse khomo.

Ndiye pali maliro achiwiri, amene m'Chifalansa cha kumeneko amangoti funérailles. Akufananako ndi sadaka ya kwathu kuno, kungoti kukula kwake n'kwina. Kuika mtembo ndi nkhani ya misozi ndipo imatha msanga. Mwambo wachiwiriwu umabwera patapita chaka, zaka zisanu, ngakhale khumi, banja likasonkha ndalama zokwanira, ndipo umachitika m'chilimwe, kuyambira Novembala mpaka Malichi. M'miyezi imeneyo misewu yochokera ku Douala ndi Yaoundé imadzaza Lachisanu lililonse. Ana a malemu amavala nsalu yofanana, akuluakulu amadzikulunga ndop, nsalu ya thonje yonyikidwa mu utoto wabuluu wakuda yokhala ndi zilembo zoyera, imene kale inali ya mafumu ndi nduna zokha. Mfuti zagogodela zimalira. Bungwe lililonse limene malemu kapena ana ake analimo limalowa m'bwalo palokha ndi ng'oma zake, kuvina mozungulira, atanyamula malitchowa a mchira wa kavalo ndi zithunzi za malemu. Wovina amaponyera litchowa munthu amene akufuna kumulemekeza, ndipo uyo amalibweza ndi kandalama. Mkamwini aliyense amayembekezeka kubwera ndi gulu lake, mbuzi zake ndi zakumwa zake, ndipo anthu amaona ndi kuwerenga. Kuphikidwa koko wosinja wodyera msuzi wachikasu, kondre wa nthochi ndi nyama ya mbuzi, ndi koki wa nyemba zopera wokulungidwa m'masamba a nthochi. Vinyo wa chiwale amayenda m'zipanda pambali pa mabotolo a mowa.

Pa maliro a munthu wamkulu kapena pa chikondwerero cha mfumu ndi pamene amatuluka a bungwe la Kuosi, limene kale linali la ankhondo ndi anthu olemera. Amavala chophimba mutu cha nsalu chosokedwa mikanda yamitundumitundu, makutu awiri ozungulira ngati mbale, ndi nsalu ziwiri zazitali zolendewera kutsogolo ndi kumbuyo kuimira chitamba cha njovu. Ena amasanjika chisoti chachikulu cha nthenga zofiira ndi chikopa cha nyalugwe kumsana. Savina mothamanga. Amayenda pang'onopang'ono, molemera, kuti anthu aone chuma cha ufumu, pakuti mikanda imeneyo kale inali ndalama.

Ambiri, ngakhale Abamileke eni ake, amadandaula kuti maliro amenewa asanduka mpikisano. Mabanja amalowa m'ngongole, ndipo pali nkhalamba zimene zinafa zikusowa mankhwala koma n'kudzaphedwera mbuzi zambirimbiri zitapita. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma amene amati mwambowu ungothetsedwa saona kuti pa masiku amenewa ndi pamene mwana wobadwira ku Paris amadziwa nyumba ya agogo ake, pamene milandu ya malo imakambidwa onse alipo, ndi pamene ndalama za kutauni zimafika kwa wogulitsa mbuzi, wosoka ndi woimba ng'oma wa kumudzi.

Maufumuwa anadutsa pamoto. Ajeremani analanda Cameroon mu 1884 ndipo anafika kumapiriko patapita zaka. Atagonja mu 1916, dera lalikulu la Abamileke linagwa m'manja mwa Afalansa. Chipani cha UPC chofuna ufulu chitaletsedwa mu 1955, nkhondo ya m'tchire inayaka, ndipo mafumu anakakamizika kusankha mbali. Ku Baham, Afalansa anamanga mfumu yachinyamata Pierre Kamdem Ninyim mu 1956 n'kuichotsa pampando chifukwa chogwirizana ndi UPC, ndipo dera lonselo linawira. Ku Bandjoun, Kamga II Joseph, amene analamulira kuyambira 1925 mpaka 1975, anaima ndi boma. Maufumu oyandikana, olankhula chinenero chimodzi, anapezeka ali mbali ziwiri. Nkhondoyo inapitirira ufulu wa 1960 utabwera kale: midzi inaphulitsidwa ndi ndege, anthu anasonkhanitsidwa m'misasa yolonderedwa ndi asilikali, nyumba zambiri zachifumu zinatenthedwa pamodzi ndi mipando ndi zosema zake, ndipo anthu zikwi makumi ambiri anafa. Mtsogoleri womaliza wa zigawengazo, Ernest Ouandié, anawomberedwa poyera ku Bafoussam pa 15 Januwale 1971. Dziko la France linadikira mpaka 2025 kuti pulezidenti wake, Emmanuel Macron, avomereze kuti kumeneko kunali nkhondo.

Nyumba yaikulu ya Bandjoun inapsa mu Januwale 2005, mfumu ya tsopano Honoré Djomo Kamga itangokhala pampando chaka chapitacho. Ana a Bandjoun a m'matauni ndi kunja anasonkha, amisiri a m'deralo anasema nsanamira zatsopano, ndipo nyumbayo inaimanso ndi chiwale ndi udzu monga kale. Pafupi pake pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene muli mipando yokutidwa mikanda ndi zipanda zachifumu. Chikondwerero cha Msem Todjom chimasonkhanitsa anthu a Bandjoun kudzavina ndi kukambirana za chitukuko, monga mmene Nyang Nyang imachitira ku Bafoussam zaka ziwiri zilizonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa moto ndi ubale wa mafumu ndi boma. Lamulo la 1977 linagawa mafumu a Cameroon m'magulu atatu n'kuwasandutsa othandizira akuluakulu a boma, ndipo kusankhidwa kwa mfumu kumayenera kuvomerezedwa ndi boma. Kuyambira 2013 amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, 200,000 CFA (ndalama ya ku Cameroon) kwa mfumu ya gulu loyamba ngati ya Bandjoun. Chaka chomwecho Pulezidenti Paul Biya anasankha Djomo Kamga kukhala seneta. Ena amati mpando wotero umathandiza kukokera misewu ndi sukulu kumudzi. Koma anthu a fo ali m'zipani zosiyanasiyana, ndipo ambiri a kumadzuloko amavotera otsutsa boma. Kale mfumu ikapotoka ankaibweza ndi a kamvu'u ndi mabungwe achinsinsi a m'nkhalango yopatulika, amene ankatha kuilipiritsa. Mfumu yolandira malipiro ku Yaoundé ili ndi bwana wina amene nduna zisanu ndi zinayi zija sizingamuitanire kubwalo.